Basi ikafika ku Blantyre, wa ku Mulanje ulendo sunathe

Ife obwera pa basi kuchokera ku Joni timakonzekera bwino mbali yaikulu ya ulendo. Za pa Beitbridge timazidziwa, kutentha kwa ku Tete timakudziwa, pasipoti imakhala poti dzanja likangopisa yatuluka. Chomwe ambiri sitichiganizira ndi kachigawo kotsiriza, kuchokera pa Mwanza kukafika pakhomo pa amayi. Timati kumeneko ndi kwathu, tingasochere ngati? Komatu nkhani zambiri zomwe ndamva za anthu otaya katundu, oberedwa foni ndi ogona pakhonde la sitolo ya eni zinachitikira m'kachigawo komweka, munthu atatopa, maso ali psuu, mtima utafika kale kumudzi.

Ine kwathu ndi ku Mulanje. Umapitirira pa boma ngati ukupita ku Muloza, n'kutsika usanafike pa Limbuli, kenaka n'kulowa m'kati kudzera m'minda ya tiyi. Ndinakhalitsa ku Johannesburg ndikugwira ntchito za m'nyumba, mpaka kumudzi anayamba kunditchula mtchona. Zomwe ndikulembazi ndi za ulendo wanga wobwerera, mwezi wa Juni, ndipo ndikulembera achemwali ndi achimwene a ku Mulanje ndi ku Thyolo amene mwayamba kale kumanga katundu.

Zambezi tinamuwoloka ku Tete kusanache, Moatize tinadutsa dzuwa likutuluka, pa Zobue tinafika nthawi ya kadzutsa. Anthu m'basimo anayamba kuwerengetsera: kuchoka pa Mwanza kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100, ndiye kuti nkhomaliro tikadyera m'tauni. Ena anali ataimba kale kumudzi kuti aphe nkhuku. Amayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi, ogula zovala ku Joni n'kumadzagulitsa kuno, anangoseka.

"Mwanawe, pa Mwanza sawerengera maola," anatero.

Ananena zoona, ndipo sikuti pali wina amene amachita dala. Katundu yense amatsitsidwa, wa m'basi ndi wa m'ngolo yakumbuyo ija, aliyense n'kuima pa wake kuti a MRA aone. Amene wanyamula malonda amayenera kulipira msonkho, ndipo akayamba kukambirana za mtengo wa katundu wake, basi yonse imadikira munthu mmodziyo. Basi sinyamuka kusiya munthu. Ife tinachoka pamenepo dzuwa litapendeka. Choncho nthawi yofikira imene anakuuzani pogula tikiti musaipereke kumudzi ngati lonjezo. Auzeni tsiku lokha, muonjezepo kuti mwina mawa lake.

Malisiti a zinthu zikuluzikulu monga TV, mbaula yamagetsi kapena makina osokera akhale m'kachikwama kam'manja, osati pansi pa chikwama chomata ndi tepi. Zikwama zamizeremizere zomwe tonse timagula zija zimafanana kwambiri. Ine zanga ndinazilemba dzina mbali zonse, n'kumanga kansanza ka chitenje chimodzi pa chogwirira chilichonse. Pobwezera katundu m'ngolo ndinaima pomwepo kuwerenga mpaka chomaliza chitalowa. Chikwama chikatsala pa Mwanza umadzazindikira uli ku Blantyre, ndipo pamenepo palibe amene angavomere kuti anachiona. Ndinagulanso manachesi, poti inali nyengo yake ndipo a ku Mwanza ndiwo manachesi. Anandithandiza kwambiri, chifukwa nsima ndinadzaiona usiku.

Za ndalama ndinene mosabisa: mitengo yomwe muli nayo m'mutu inafa kalekale. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mafuta agalimoto akasowa mtengo wa minibasi umakwera tsiku lomwelo. Ndalama ya pepala ya K5,000 inatuluka mu 2022, ena a inu simunaigwirepo n'komwe. Munthu wosadziwa mtengo komanso wosazolowera maonekedwe a ndalama ndiye amene anyamata oyenda ndi mipukutu ya makwacha pa chipata amamukonda. Amawerenga mothamanga, akukuyankhulitsa, mnzake akukukoka mkono kuti iye akupatsa mtengo wabwino. Ine ndalama zambiri ndinatumiziratu ndisananyamuke, m'thumba munali marandi ochepa osintha pamalo ovomerezeka kuti ndipeze zoyendera. Pemphani ndalama zing'onozing'ono. Kondakitala ukam'patsa yaikulu, chenji chimasanduka nkhani ya ulendo wonse. Ndipo musanafike, imbirani wachibale wa m'tauni akuuzeni mtengo wa sabata imeneyo wa Limbe mpaka kwanu.

Foninso ndi choncho. Simu ya TNM kapena Airtel imene munaisunga m'sutikesi zaka zonsezi musaidalire, chifukwa nambala ikakhalitsa osagwira ntchito imatsekedwa, nthawi zina n'kupatsidwa munthu wina. Kuyambira 2018 simu iliyonse imayenera kulembetsedwa, ndiye chiphaso cha unzika chikhale pafupi. Manambala a anthu ofunika muwalembe papepala. Foni yanga inazima tili ku Tete, ndipo uthenga wopita kwa msuweni wanga ndinautumiza pa foni ya amayi a zovala aja, nambala ndikuwerenga pa kapepala.

Msewu wa Mwanza umakakumana ndi wochokera ku Lilongwe pa Zalewa, pomwe pali mlatho wa Shire ndi rodibuloko. Kuchoka apo ndi Lirangwe, Lunzu, kenaka mzinda. Mwezi wa Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndiye pomwe timatsika basi magetsi anali atayaka kale. Apa ndi pomwe munthu amayenera kusankha, ndipo mtima umanama kwambiri. Mulanje ali pompano, makilomita sakwana n'komwe 70 kuchokera ku Limbe. Wadutsa maiko atatu, ungalephere kamtunda kameneka?

M'basi mwathu munali mnyamata wa cha ku Thekerani, wonyamula TV ndi wailesi ya zimkuzamawu zikuluzikulu. Amayi aja anamulangiza kuti adikire kuche.

"Amayi, ndafika kale kwathu ine. Ndigonenso m'njira?" anayankha choncho akukweza katundu m'galimoto yahayala.

Tinali titapatsana manambala, ndiye nkhani yake ndinaimva patapita masiku. Ku Limbe anapezadi minibasi yomaliza ya ku Thyolo, koma inakathera pa boma, ndipo galimoto zolowera ku Makwasa ndi Thekerani zinali zitaweruka. Anagona pakhonde, chifunga chili tolo, atakumbatira TV. Kutacha TV inalipo, koma chikwama cha zovala za ana ndi nsapato za amayi ake chinali chitapita. Sanamenyedwe, sanaopsezedwe, tulo ta masiku a m'basi ndi tomwe tinamugwira.

Ine ndinali nditapangana ndi msuweni wanga wa ku Bangwe. Anabwera ndi dalaivala amene amadziwana naye, tinakagona kwawo, ndinasamba madzi otentha, ndinadya nsima ya utaka. Ngati mulibe wachibale m'tauni, funsani a basi musanagule tikiti ngati amalola okwera kudikira m'basi kapena mu mpanda mwawo mpaka kucha, chifukwa ena amalola. Apo ayi, malo ogona alendo otsika mtengo alipo, ndipo ndalama ya usiku umodzi ndi yochepa poyerekeza ndi chikwama chimodzi chokha.

Bangwe ali kufupi ndi msewu wa Midima, moti ndinaganiza zokangoimika minibasi pamsewu. Msuweni anakana. Anati minibasi imachoka ku Limbe itadzaza kale, ingathe kukupanikiza iwe munthu koma katundu wako alibe malo. Wakatundu amakwerera kudepoti, m'mawa, galimoto ikadali yopanda kanthu kumbuyo.

Ku Limbe amakudziwa usanatsike n'komwe. Zikwama zija, bulangete la ku Joni lili m'pulasitiki yake, jekete, komanso kayankhulidwe, poti pakamwa pamakhala patazolowera timawu ta kumene kuja. Galimoto itangoima, oitanira anatizinga.

"Muloza! Muloza! Boda! Mmodzi yekha tinyamuke!"

"Mulanje iyi, mayi, yadzaza kale!"

Ndisanayankhe, chikwama china chinali paphewa la mnyamata wolowera kumanzere, china chikukokedwa kumanja. Msuweni wanga ndi wamfupi koma mawu ali nawo. Anakuwa kuti katundu yense abwerere pansi, ndipo anabwereradi. Tinamuunjika pamodzi, ine n'kukhala pamwamba pake, iye n'kupita yekha kukasankha minibasi. Njira yake ndi imeneyo: wina alonde, wina akakambirane. Ngati muli nokha, musalole kuti katundu anyamuke musanagwirizane kuti akupita m'galimoto iti, ndipo wonyamula akhale mmodzi, inu muli pambuyo pake. Ambiri mwa anyamatawa si akuba, akungolimbirana wokwera kuti apeze yawo ya tsikulo. Koma katundu akabalalika mbali zitatu, wakuba weniweni amalowerera pomwepo ndipo palibe amene angamusiyanitse ndi enawo.

Posankha minibasi yang'anani anthu ali m'katimo. Mukaona anyamata okhaokha opanda ngakhale kajumbo, akucheza ndi kondakitala ngati anzake, dziwani kuti akhalamo kuti ioneke yodzaza, ndipo azitsika mmodzimmodzi okwera enieni akamabwera. Yodzaza zenizeni mumaona amayi a madengu, ana pamiyendo, thumba la ufa pansi pa mpando.

Kondakitala atabwera anayang'ana mulu uja, kenaka ine.

"Mayi, katundu yenseyu ndi wanu? Ameneyu alipira ngati anthu anayi."

"Anthu anayi ake ati, achimwene?" anatero msuweni. "Ziwirizi zilowa kumbuyo, ichi anyamula pamiyendo. Katoniyi ndi yosweka, tiigulira mpando wake."

"Mafuta akwera, mayi. Awa abwera ndi marandi, asatiumire."

"Marandi anathera pa Mwanza. Tiuzeni mtengo umodzi, munthu ndi katundu, mpaka kufupi ndi Limbuli. Osati pa Chitakale, osati pa boma."

Anakokanakokana, msuweni anachita ngati akupita kwa minibasi ina, mtengo unatsika kufika pa wa anthu awiri ndi theka. Ine nthawi yonseyi ndinali chete, monga anandiuzira. Mukakhala ndi wa kuno, musiyeni ayankhule. Ndipo mawu akuti mpaka pakutipakuti anenedwe mokweza, okwera ena amve, chifukwa ndiwo adzakhale mboni zanu kutsogoloko.

Katoni ya mbale ndi makapu ndinaiguliradi mpando, ndipo sindidandaula. Kumbuyo kwa minibasi chitseko sichitsekeka, amangochimanga ndi chingwe, katundu n'kumukanikiza ndi bondo. Onetsetsani kuti zikwama zanu zalowa m'kati, zisakhale zam'mphepete. Pa siteji iliyonse pomwe wina akutsitsa katundu wake, cheukani. Pasipoti, ndalama ndi foni zikhale pathupi. Ngati katundu ndi wambiri zedi, monga firiji kapena bedi, minibasi musaivutitse. Mutumizireni kwa onyamula katundu musananyamuke, kapena gwirizanani anthu a dera limodzi amene mwakwera basi imodzi, musonkherane galimoto yahayala.

Kuchokera ku Limbe misewu yopita ku Mulanje ndi iwiri. Wa Midima, umene anautsegulira mu 2006 n'kuupatsa dzina la Robert Mugabe ngakhale aliyense amangoti Midima, ndiwo wachidule: umadutsa pa mphambano ya ku Nguludi, pa Nkando, n'kukafika pa Chitakale. Winawo ndi wodzera ku Thyolo: Chigumula, Bvumbwe, Thyolo boma, Luchenza, Chonde. Ndi wautali komanso wokhotakhota, ndipo nyengo yozizira chifunga chimatseka zitunda za tiyi zija mpaka dalaivala kuyenda ndi magetsi masana. Funsani kuti minibasi ikudzera kuti, chifukwa zonse zimaitanira Mulanje. A ku Luchenza ndi ku Chonde yanu ndi ya ku Thyolo. A ku Makwasa ndi Thekerani mukatsika pa Thyolo boma n'kukwera ina, ndiye fikanipo dzuwa likadali pamutu. Ubwino wa msewu umenewu ndi pa Bvumbwe, pomwe kabichi, tomato ndi anyezi umagulira pazenera, n'kukafika kumudzi ndi ndiwo.

Ife tinadzera Midima. Phiri linayamba kuonekera tikadali kutali, pamwamba pake patakutidwa ndi mtambo, moti Sapitwa ndi mamita ake 3,002 sanaoneke tsiku limenelo, koma thanthwe la Chambe linali poyera. Pa Nkando panakwera agogo awiri akuyankhulana Chilomwe, akudandaula za mtengo wa nandolo wa chaka chatha. Ndinapezeka ndikumvetsera ngati nkhaniyo ikundikhudza.

Pa Chitakale anthu ambiri anatsika, ena olowera ku Likhubula ndi ku Phalombe, tinatsala owerengeka. Minibasi inaima pambali pa ina, makondakitala awiri ananong'onezana, wathu n'kubwera pazenera.

"Mayi, tsikani mukwere iyo. Takulipirirani kale."

Uku ndiye timati kugulitsidwa. Kwa iwo n'zomveka: kuchoka pa boma kufika ku Muloza ndi makilomita ena pafupifupi 30, ndipo sangawotche mafuta chifukwa cha anthu atatu pomwe angabwerere ku Limbe atadzaza. Vuto limagwera wakatundu. Ukangosamuka, yoyamba ija imatembenuka n'kupita, watsopanoyo n'kunena kuti anamulipira za munthu, za katundu sanamve. Ine sindinasunthe pampando.

"Aitaneni abwere pano, achimwene. Anene ndikumva kuti katundu yense walipiridwa."

"Aa, mayi, simukutikhulupirira?"

"Ndikukukhulupirirani. Aitaneni basi."

Agogo amodzi aja anathirira ndemanga kuti iwo anamva ku Nkando kondakitala akunena yekha kuti mayiwa alipira mpaka ku Limbuli. Winayo anabwera, anawerenga zikwama, anadandaula pang'ono, wathu anamuonjezera kenakake, nkhani inatha. Posamutsa katundu ndinatsika kukaima pakati pa minibasi ziwirizo. Pa Chitakale pomwepo ndi pabwino kugula shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira zokagawa kumudzi. Zinthu zimenezi kuzinyamula kuchokera ku Joni n'kungodzilemetsa, ndipo kulemera kwake mumalipira pa basi.

Tinadutsa pa boma, pa Mimosa, tiyi mbali zonse, mpaka pa siteji yathu. Mwana wa amalume anali akudikira ndi anyamata awiri a kabaza a m'mudzi mwathu momwe. Ichi ndi chinthu choti mukonzeretu. Pa siteji njinga zamoto zimakhala zambiri, koma nkhope zake simuzidziwa, poti amene akuyendetsa lero munawasiya ali ku pulayimale. Katundu akakwera njinga ina inu ina, ya katundu izikhala patsogolo, muziiona. Akamanga ndi malamba a mphira aja, gwedezani nokha muone ngati zalimba.

Tsiku limenelo kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene kamabwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique miyezi yozizira. Dothi lofiira la m'misewu ya m'minda ya tiyi likanyowa limaterera ngati therere, moti potsetsereka ndinatsika n'kuyenda pansi, nsapato zoyera za ku Joni zili m'manja. Valani zoti zingade. Amene mukubwera Disembala, nthawi ya dzinja, kumbukirani kuti mitsinje yochokera m'phiri imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pomwe mulipo pasakugwa mvula. A kabaza akati tidikire madzi aphwe, dikirani. Komanso njira imene mukuikumbukira mwina kulibenso. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anagumula milatho, anasuntha mitsinje ndi kukokolola midzi ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu. Kwathu powolokera pakale panasanduka miyala yokhayokha, anthu akuzungulira kumtunda. Ndikanafika usiku ndekha ndikanalunjika pakale pomwepo.

Amayi anali pakhonde akusola nandolo. Anaimirira, lichero linagwa, anayamba kululuta, ndipo posakhalitsa bwalo linadzaza. Katundu analowetsedwa m'chipinda cha amayi, chitseko n'kutsekedwa. Anandiyalira mphasa. Amalume atafika ndinagwada kuwapatsa moni.

"Mwayenda bwanji, amayi?" anandifunsa, poti iwo mwana wa mlongo wawo amamutchula choncho akafuna kumulemekeza.

"Ndayenda bwino, amalume, kaya inu ndakupezani bwanji?"

Malonje sathamangira. Ndinafotokoza ulendo kuyambira ku Johannesburg mpaka pa siteji, iwo akuvomera ndi mutu. Kenaka inafika nthawi yawo. Anayamba ndi mvula ndi zokolola, n'kufika pa odwala, pomaliza anayamba kutchula omwe anatisiya. Ena ndinamva pa foni, ena ayi, chifukwa kumudzi amasankha zokuuza ukakhala kutali. Mndandanda unali wautali, ndipo pakati pake panali a banja limodzi amene anapita ndi madzi a Freddy usiku umodzi.

Apa mvetsetsani, inu amene mwakhalitsa kunja. Musanayambe kuyendera anzanu, musanapite ku msika wa Limbuli kukaonetsa jekete, muyambe mwapita kukapepesa maliro. Mupite ndi amayi kapena amalume, iwo akudziwa khomo loyambira ndi mawu oyenera. Kandalama kochepa kapena paketi ya shuga n'zokwanira, chachikulu n'chakuti mwafika, mwakhala pansi, mwapepesa. Anthu sanena kanthu mukapanda kutero, koma amasunga. Ine zinanditengera masiku angapo kuti ndimalize makomo onse, ndipo m'makomo momwemo ndi momwe ndinamva nkhani zenizeni za m'mudzi.

Zikwama tsiku loyamba sizitsegulidwa. Bwalo likadzaza, chilichonse chotuluka m'chikwama chimaonedwa ndi maso makumimakumi, ndipo amene sanalandire amawerenga za mnzake. Ine ndinalemba maina ndisananyamuke, chinthu chilichonse ndi mwini wake. Tinatsegula usiku wa tsiku lotsatira, ine ndi amayi awiriwiri, iwo n'kukonza mndandanda wanga: azakhali akuti ndinawaiwala, uyu chitenje chimuyenera kuposa nsapato, apongozi a achimwene asasiyidwe. Zogawazo amayi anazipereka okha, mwakachetechete, khomo ndi khomo. Amadziwa bwino kuposa ine amene anawathandiza kupalira chaka chomwe anadwala.

Opempha ndalama adzabwera, ndipo ambiri mavuto awo ndi enieni: fizi, feteleza, malata, mankhwala. Simungawathe onse. Ine ndinapatula ndalama yothandizira, ndinaipereka m'manja mwa amalume ndi amayi, wobwera ndinkamuuza kuti akaonane ndi akuluakulu. Ngati mukubwereranso ku ntchito, ya tikiti ikhale kwina komwe dzanja silifikako msanga. Ndaona anthu akugulitsa foni yomwe anabwera nayo kuti apeze yobwererera.

Mwana wanga wamng'ono ndinamusiya akuyamba kumene kuyankhula. Nditafika anabisala kumbuyo kwa agogo ake, amene iye amawatchula amayi, ine n'kumanditi anti. Anthu ankamukankhira kwa ine, "Pita kwa amayi ako, iwe!", iye n'kumalira. Ndinawapempha kuti amusiye. Pa vidiyo ya WhatsApp ankandidziwa, koma munthu wa mu foni ndi wina, wokhala pamphasa ndi wina. Ndinkangokhala pafupi akamadya, kumusambitsa agogo ake akatanganidwa, kumuperekeza pa mjigo. Zidole zomwe ndinabweretsa analandira, koma sizinafulumizitse kanthu. Anayamba yekha kubwera, pang'onopang'ono, ndipo dzina loti anti linatenga nthawi kuti lichoke.

Amayi anandiphikira kalongonda, amene amafuna kuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi, ndipo thobwa linali litakonzedwa kale. Idyani, koma madzi akumwa masiku oyambirira muziwiritsa kapena kuthira mankhwala, chifukwa m'mimba munazolowera za pampopi.

Chinthu china chimene matchona timachipeputsa ndi malungo. Ku Johannesburg kulibe malungo, ndipo thupi likakhala zaka osakumana nawo limataya kachitetezo kamene tinakula nako. Umabwera uli ngati mlendo, pomwe mumtima ukuti ine ndi wa konkuno, udzudzu ukundidziwa. Neti ikhale m'chikwama chapamwamba kuti mugonemo usiku woyamba womwe, ngakhale kukuzizira ndipo udzudzu simukuumva. Ine sabata yachiwiri ikutha ndinayamba kumva mutu, kuphwanya m'thupi ndi kuzizidwa. Aliyense ankati n'kutopa kwa ulendo, ena amati ndi chiperoni, ndimwe panado ndigone. Amalume anaitana wa kabaza yemwe uja n'kunditumiza ku chipatala chaching'ono cha kwathu. Anandibaya pachala, mphindi zochepa zotsatira zinatuluka: malungo. Anandipatsa LA, womwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, n'kundiuza kuti ndimwe nditadya ndipo ndimalize onse ngakhale nditamva bwino. M'zipatala za boma kuyezetsako ndi mankhwalawo n'zaulere. Ndipo ngati thupi latentha mutabwerera kale ku Joni, auzeni adokotala a kumeneko kuti mwachokera ku Malawi, chifukwa iwo malungo sayamba kuwaganizira pokhapokha mutawauza.